Mlendo wa Kunja kwa Chingwe

"Mwanayo wasanduka dzungu, inu simukuona?"

Amenewo anali apongozi anga aamuna, kuseri kwa khoma. Khoma lake linali la matabwa omatidwa mapepala, loti wina akameza malovu uko, iwe kuno wamva.

"Dzungu ndi mutu wanuwo," anayankha apongozi aakazi. "Ndi pepala lapansi likumuwalira. Mwabereka angati inu kuti mundiphunzitse?"

"Mawa apite kuchipatala."

"Adumphe chingwe tsiku lachisanu? Mukamwa mowa wanu wa mpungawo muzingogona, bambo a Du-man. Ana onse amayamba chonchi. Wanuyo anali choncho, lero si uyo akukoka maukonde kunyanja zakutali?"

"Mtundu uwu ndi wina, mayi a Du-man."

Chivundikiro cha poto chinagwa. Usiku umenewo onse awiri anagona osadya.

Kunali ku Busan, kumtunda kwa phiri, kumene denga la mnzako ndiye khonde lako. Tinachokako chaka chatha, koma mpaka lero ndikatsinzina ndimamva fungo la malasha ndi la msuzi wa ndere za m'nyanja umene ankandimwetsa kanayi pa tsiku. Mwamuna wanga Du-man anali pa sitima ya nsomba. Mwana atabadwa, wamkazi, apongozi aakazi anamanga chingwe cha mapesi a mpunga pachipata, n'kusomekamo makala ndi masamba a paini. Masabata atatu mlendo asalowe, mayi ndi mwana asatuluke. Pazenera anakhomapo bulangeti kuti mphepo isandilowe m'mafupa. Ankandikonda amayi aja, kungoti chikondi chawo chinali chokhoma ndi misomali.

Ine sukulu ndinalekera kalasi yachinayi. Koma zaka zisanu ndinagwira ntchito kufakitale ya nsapato za labala, kusankha zimene utoto wake walakwika, ndiye pa mtundu maso anga sanama. N'zoona pansi pa chipinda changa panali pepala lachikasu lopaka mafuta, babu nalonso lachikasu. Koma masana ndinkakweza bulangeti lija mobisa, n'kugoneka mwana pa thewera loyera, n'kumukanikiza ndi chala. Tsiku lachitatu chikasu chinali kunkhope kokha. Lachinayi pachifuwa. Tsiku la mkanganolo chinali pamimba, ndi m'maso momwe. Bere ankakoka kawiri n'kugona. Ndinkadziwa, koma mtengwa sayankhira pakhoma.

Pakati pa usiku saireni inalira, ija yoletsa kuyenda mpaka folo koloko m'mawa. Phiri lonse zii.

Kenako pachipata: go, go, go.

Ndinadikira kuti apongozi adzuke. Anthu omva ngakhale mbewa ikutsokomola aja ankangoliza mkonono.

Go, go, go.

Ndinavala jekete la Du-man, n'kutenga tochi. Kunja kwa chingwe kunaima mayi, wamsinkhu wanga, wovala zoyera, tsitsi atalimangira kunkhongo. Kumsana anabereka mwana womufunditsa mpaka kumutu. Moni sanapereke.

"Chafika pati?"

"Chiyani, mayi?"

"Chikasu."

"Pamimba."

"Kaonenso kumapazi, mng'ono wanga."

Ndinabwerera, n'kuvundukula timapazi tija, n'kuunika. Kuphazi kunali ngati khungu la vwende lakupsa. Ndinamugwedeza. Analira kamodzi, kulira kwakuthwa ngati kamphaka, n'kufookanso.

Mayi uja anali pompaja, sanasunthe.

"Lowani, achemwali, kukuzizira," ndinatero.

Anayang'ana chingwe, n'kupukusa mutu. "Ine chingwe ndimachilemekeza. Ndinachilemekeza mpaka tsiku lachisanu ndi chinayi. Iwe usatero. Mbereke."

Ndinabereka. Ndinawerama, makala a pachingwe n'kundikhudza pamutu, ndipo ndinatuluka.

Masitepe otsika phiri lija ndi oposa mazana awiri. Iye anali patsogolo, ine m'mbuyo, pakati pathu masitepe khumi. Ndikafulumira, khumi. Ndikapumira chifukwa cha ululu wa uchembere, khumi. Wenzulo ya apolisi ikalira kumanja, iye amakhala atakhotera kale kumanzere, m'tinjira toti ine wapomwepo sindinkatidziwa.

M'pamene ndinayamba kuona zinthu. Mpweya wanga unkatuluka ngati utsi. Wake ayi. Nsapato zake zinali za labala, zoyera, koma zamtundu wakale, zija tinkangoziona pachithunzi mu ofesi ya kapitawo. Pasitepe sizinkalira. Ndipo mwana wa kumsana kwake uja, ulendo wonsewo, sanagwedeze ngakhale kaphazi. Mayi wobereka amadzutsa msana, amakonza nsalu, amagundagunda kumbuyo. Iye manja anali lende.

Ndinafuna kuthawa. Koma kumtunda kunali chingwe, kumunsi kunali iye. Ndinasankha kumunsi.

Tinatulukira pafupi ndi doko. Chipatala chonse chinali mdima kupatula zenera limodzi lam'mwamba, lowala buluu. Analoza.

"Nthawi yathu kunalibe nyali imeneyo," anatero. Mawu ake sanali aukali. Anali ngati a munthu wosirira chovala cha mnzake.

Ndinamenya chitseko ndi manja onse awiri. Mlonda anatsegula akutukwana.

"Mwadutsa bwanji apolisi nokhanokha, mayi inu?"

"Sindili ndekha."

Ndinacheuka. Msewu unali mbee mpaka kumadzi.

Namwino anabaya mwana kuchidendene, n'kutenga magazi. Dokotala, mnyamata wa mizere ya pilo patsaya, anawerenga kapepala kawiri. Anati chikasu chikakwera kwambiri chimalowa mu ubongo, ndipo kumeneko sichituluka. Tsiku limodzi lokha, anati, bwenzi tikunena zina. Anamuvula mwanayo, n'kumuphimba m'maso ndi kansalu, n'kumugoneka pansi pa nyali zazitali zabuluu. Ankamutembenuza ngati nsomba yoyanika, ine n'kumayamwitsa pafupipafupi. Chikasu chinabwerera njira yomwe chinadzera: mapazi, mimba, chifuwa. Masiku anayi.

Apongozi anafika m'mawa woyamba womwewo, akukanganabe pamasitepe. Aakazi sanandikalipire. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana mdzukulu wawo ali maliseche m'kuwala kuja, kenako anafunsa kuti anandiperekeza ndani. Ndinafotokoza zonse, tsitsi, nsapato, tsiku lachisanu ndi chinayi. Apongozi aamuna anangokhala pansi pasimenti, chipewa chili m'manja.

Zotsalazo anandinong'oneza ndi a Bong-rye, oyandikana nafe ogulitsa nsomba zouma, atabwera kudzazonda. Akuti apongozi aamuna anali ndi mkazi woyamba, wa ku Hadong, nthawi ya nkhondo, panyumba yomweyo. Khanda lake linachita chikasu kuseri kwa chingwe, n'kumwalira. Mayiyo sanaone chilimwe chotsatira. "Paphiri pano aliyense wamkulu akudziwa," anatero a Bong-rye, "koma sunamve kwa ine."

Tinabwerera kunyumba madzulo a tsiku lachinayi. Chingwe chinali chikadalipo, bulangeti la pazenera litachotsedwa. Mwana anayamwa mpaka bere kuphwa, n'kugona ali wofiirira ngati anzake. Ndipo kuseri kwa khoma zinayambiranso.

"Zaka zonsezi ndikukuchapirani masokosi, mkazi wanu akuyendabe pachipata changa!"

"Ndinamuitana ine?"

"Ndiye bwanji sanagogode kwa ine, mwini nyumba? Wandiyesa chiyani?"

"Mukanamumvera?"

Madzi ankawira pamoto.

"Ayi," anatero apongozi aakazi, motsitsa. "Sindikanamvera."

Ndinamva mbale zikuikidwa pakatebulo. Imodzi. Iwiri. Itatu. Zanga ndinali nditadya kale. Chitseko chinatseguka, mapazi anapita kuchipata, anakhalitsako pang'ono, n'kubwerera opanda mbale yachitatu ija.

"Mwamuikira ndere zambiri?" anafunsa aamuna. "Ankazikonda."

"Tamverani nkhalambayi! Idyani zanuzo zisanazizire."

Anakhala pansi. Masipuni anayamba kulira.