Nsapato Pakhomo la Shedi ya Koko

Ku Gouyave, tauni ya pachilumba china chakutali, kunalibe amene sankadziwa mmene Septimus Belfon anapezera mkazi wake Leonora. Anamuona akuvina pa koko, nyemba zija amapangira chokoleti. Nyemba zikauma pamathandala, akazi ankakwerapo n'kumazipondaponda ndi mapazi uku akuimba kuti ziwale, ndipo woyambitsa nyimbo anali Leonora. Septimus, amene masiku amenewo ankasenza matumba limodzi ndi mnzake Cyprian, anatula thumba n'kungoti kukamwa yasa. Chaka chisanathe anakwatirana, ndipo kunena zoona ankakondana anthu aja.

Mwayi unamugwera Septimus. Anayamba kugula koko kwa alimi ang'onoang'ono, anatsegula sitolo, kenako anamanga shedi yakeyake, Cyprian n'kukhala kapitawo. Atsamunda atalola kuti eni minda azisankha owaimira kubwalo la malamulo la bwanamkubwa, iye anaima nawo n'kupambana. Apa m'pamene zinthu zinapotokera, chifukwa munthu uja anayamba kuchita manyazi ndi kumene anachokera.

"Mkazi wa phungu sayenda mapazi pamtunda ngati waganyu," anatero tsiku lina akupatsa Leonora nsapato zatsopano. "Kushedi kuja ndisadzakuonekonso."

"Ndiye ndizitani m'nyumba muno tsiku lonse, bambo? Ndizicheza ndi mipando?"

"Uziphunzira kuthirira alendo tiyi."

Patapita miyezi, ku St George's, likulu la chilumbacho, mzungu wina wa minda ikuluikulu anamugwira paphewa atatuluka m'bwalo. "Belfon, mkazi wako ndi wakhama bwanji! Lachinayi lililonse iwe ukamatilalatira kuno, iye amakhala ali kushedi ndi kapitawo wako." Anzake anaphulika nako kuseka.

Abale, nsanje ya munthu amene akuopa kusekedwa ndi yoipa kuposa ya chikondi. Septimus sanafunse mwaulemu ngakhale kamodzi.

"Lachinayi umapita kuti, iwe?"

"Kutchalitchi," anatero Leonora, maso ali pansi.

"Tchalitchi chake chonunkha koko chimenecho n'chiti? Wansembe wake ndi Cyprian eti?"

"Mukuyankhula ngati simukundidziwa! Cyprian yemwe uja anatiimira paukwati?"

Bodza la tchalitchi lija linali la mantha chabe, koma mwamunayo analitenga ngati umboni.

Lachinayi lotsatira anazemba m'bwalo, n'kukwera kavalo, mfuti yaing'ono ili m'jekete. Anafika dzuwa lili paliwombo. Pakhomo la shedi anapeza nsapato zija, zitaikidwa bwinobwino mogundana. Anapisa dzanja m'jekete. Nthawi yomweyo Cyprian anatulukira, wopanda malaya, thukuta lili kamukamu, akumwetulira.

"Achimwene, mwabwera msanga bwanji lero?"

Mfuti inalira kawiri, Cyprian n'kugwa pansi. Kuseri kwa shedi nyimbo inaduka, ndipo akazi asanu ndi anayi anathamangira kuno, mapazi ali psuu ndi koko, Leonora ali pakati pawo. Septimus, munthu wokulira pamathandala, n'kuiwala kuti pa koko sapondapo ndi nsapato! Cyprian anali akungokankha mathandala kuti alondole dzuwa. Anatsirizika mutu uli pamiyendo ya Leonora.

Septimus atatsekeredwa kundende, loya wake anamunong'oneza. "A Belfon, ingonenani kuti munawapezerera. Ogamula mlandu ndi amuna anzanu, amvetsa. Akazi a kushedi aja angawakhulupirire ndani? Zaka zochepa chabe, khosi lanu lipulumuka."

Septimus anavomera. Moyo ndi wokoma, musamuseke. Koma chinthu chimodzi chinkamudya mumtima, chimene sanauze loya: nyimbo ija anaimva asanatsike pa kavalo. Analizindikira ndithu liwu la mkazi wake kuseri kwa shedi. Anawombera chifukwa azungu aja anamuseka, basi.

Tsiku la mlandu khothi linadzaza. Leonora anakhala pabenchi limodzi ndi mkazi wa malemu, atamugwira dzanja. Loya anaimirira monyadira.

"Uzani bwalo lino, munapeza chiyani m'shedi?"

Septimus anayang'ana mkazi wake. Mawu awiri okha akanamupulumutsa, koma Leonora akanakhala hule pachilumba chonse mpaka kumanda.

"Sindinapeze kanthu, bwana. M'shedi sindinalowemo n'komwe. Mkazi wanga ankavina pa koko ndi anzake, ndipo ndinkamumva akuimba. Ndinapha mnzanga wosalakwa."

Loya anakhala pansi n'kugwira mutu. Ogamula sanachedwe, ndipo woweruza analamula kuti anyongedwe pakatha masabata atatu.

Wina angati anachita chamuna, koma ine ndikuti anachedwa nacho choonadi chakecho. Amuna inu, ulemu umene mukupatsidwa ndi anthu akunja usakuchititseni kusandutsa mkazi wanu mkaidi, n'kumudabwa akayamba kukubisirani chimwemwe chake. Septimus anayeretsa dzina la Leonora, inde, koma ana anayi a Cyprian sanawabwezere bambo awo. Masabata atatu aja ankati akamva chitseko chikutsekulidwa, dzambatu, n'kufunsa mlonda ngati kwabwera mayi wina kudzamuona. Leonora sanabwere.