Kamphuno ndi Fungo la M'galimoto ya Amalume

Ana inu, tandiyankhani ichi. Nyumba ili ndi mipando, koma ilibe bedi. Ili ndi mawindo, koma sikhala pamalo amodzi. Imamwa, koma sidya. N'chiyani?

Mwakhoza. Ndi galimoto!

Nanga chinthu chosadya chikayamba kununkha chakudya, wadya ndani? Ehee, tamverani nkhani iyi.

Panali kamtsikana kena. Tinkamutcha Kamphuno. Mphuno yake inali yaing'ono, koma sinkaphonya fungo. Ine ndine azakhali ake. Mphunoyo anatengera kwa ine.

Kamphuno ankafuna chinthu chimodzi. Amayi ake anali kuchipatala ndi khanda. Bambo ake anali komweko. Kamphuno ankafuna kukwera galimoto, akatenge amayi ndi khandalo.

Galimotoyo inali ya amalume ake. Amalume ankadzitama. Ankadzitama m'mawa. Ankadzitama masana.

"Galimoto yanga ndi yoyera kuposa mbale," ankatero. "Muno simudyedwa kanthu. Ngakhale ntchentche imagogoda isanalowe."

Amalume anali ndi kampango kofiira kopukutira chiwongolero. Aliyense ankakadziwa kampango kameneka. Koma masiku amenewo kanali katasowa. Amalume ankati kanapita ndi mphepo.

Tsiku lokatenga khanda linafika. Kamphuno anasamba. Anavala diresi lake la maluwa. Anatsegula chitseko cha galimoto.

Fuu! Fungo!

Kamphuno anagwira mphuno. Ine ndinagwira mphuno. Galu wathu anathawira kuseri kwa nyumba.

"Amalume, muno mukununkha," anatero Kamphuno.

"Mukununkha? Muno?" Amalume anatulutsa perefyumu. Anapopera apa. Anapopera apo. Fungo silinachoke. Linangovala malaya atsopano.

"Alamu, khanda silingakwere umu," ndinatero ine. "Lingabwerere kuchipatala."

Amalume analoza Kamphuno ndi chala. "Ndi iwe, mwana iwe! Tsiku lija unakwera umu. Unagwetsamo chakudya. Lero sukwera. Utsala pakhomo ndi galu."

Kamphuno anakwiya. Masaya anafufuma. Maso anafiira.

"Si ine!" anatero. "Ine sindinadyeremo kanthu. Munandiletsa ngakhale kutafuna lilime!"

"Ndi iwe."

"Si ine!"

"Mwana salimbana ndi akuluakulu," anatero amalume.

Zoona zimenezo? Kunamizira mwana masanasana? Ngakhale ine mtima unawira.

Kamphuno sanalire. Anavula diresi la maluwa. Anavala lakale. Anatenga ndowa, sopo, burashi ndi chiguduli.

"Nditsukamo ndekha," anatero. "Fungoli ndilipeza."

"Tsuka," anatero amalume, atakhala pamthunzi. "Koma mpando wanga usaukhudze. Pamenepo ndimatsuka ndekha. Ndi poyera kale."

Kamphuno anatsegula zitseko zonse. Anatulutsa timakapeti ta pansi. Anatikutumula ndi ndodo. Phu! Phu! Phu! Fumbi linali kobo. Amalume anayetsemula.

"Limenelo ndi fumbi la panja," anatero amalume.

Kamphuno ananunkhiza. Fungo linalipobe.

Anasesa mpando wakumbuyo ndi burashi. Anasesa m'mphepete. Anasesa m'makona. Anapeza batani. Anapeza chipeso chothyoka. Chakudya sanachipeze.

"Mwaona, amalume? Pamene ndinakhala ine palibe kanthu!"

Amalume anayang'ana kumwamba. Anayamba kuimba mluzu.

Kamphuno ananunkhiza. Fungo linalipobe.

Ananyowetsa chiguduli. Anachifinya kwambiri, kuti mipando isanyowe. Anapukuta mipando. Anapukuta malamba. Anapukuta magalasi mpaka anaona nkhope yake. Nkhopeyo inali yokwiya.

Kamphuno ananunkhiza. Fungo linalipobe.

Tsopano anagwada. Anatseka maso. Analola mphuno imutsogolere. Mphuno inapita kumanzere. Inabwerera kumanja. Inatsika pansi. Inakaima pa mpando wa amalume.

"Azakhali, likuchokera apa," ananong'ona.

"Mpando umenewo anakuletsa kuukhudza," ndinatero ine. "Koma ine sanandiletse."

Pansi pa mpandowo panali kachitsulo. Ndinakakoka. Mpando unatsetsereka m'mbuyo. Khwee!

Mayo ine! Makoko a nthochi, akuda bii. Mafupa a nkhuku. Zitsononkho za chimanga. Mphemvu ziwiri zinatuluka zikuthamanga, mimba zitafufuma. Kenaka kanthu kena kanagubuduka. Kanali kozungulira. Kanali kokulunga m'kampango kofiira.

Kamphuno anakanyamula ndi nsonga za zala. Anasuzumira m'kati. Munali dzira. Linali dzira lakalekale, loiwalika.

"Amalume!" anaitana Kamphuno. "Mphepo ija yabweza kampango kanu!"

Mluzu unatha. Amalume anabwera chothamanga.

"Ine sindinakhalepo pa mpando umenewu," anatero Kamphuno, manja ali m'chiuno. "Amakhalapo ndani?"

"Zimenezi ndi mphemvu," anatero amalume. "Mphemvu ndi zimene zinabweretsa."

"Alamu, mphemvu za masiku ano zimakulunga dzira m'mpango?" ndinafunsa ine.

"Si dzira ili. Ndi mwala wanga wopondereza mapepala!"

Amalume anatsomphola kampango kaja. Anakabisa msanga m'thumba la kumbuyo. Anadzigwetsa pa mpando wawo.

Phwaa!

Ana inu, mwala suphulika choncho. Galu anali atabwerera, koma anathawanso.

Amalume anaimirira pang'onopang'ono. Anayang'ana buluku lawo. Anayang'ana Kamphuno. Mawu anatuluka pang'ono, ngati a mwanapiye.

"Pepa, mwana wa mlongo wanga. Si iwe. Ndine."

"Sindinamve, amalume," anatero Kamphuno. "Mphuno yanga ndi yakuthwa, koma makutu ayi."

"NDINE!"

Mpando wawo anatsuka okha, atagwada. Kamphuno anawagwirira ndowa. Anawaloza paliponse pamene anadumpha. "Apa, amalume. Aponso. Pansi pomwe, osati pamene maso akuona pokha."

Galimoto inauma padzuwa. Amalume anasamba. Anasintha buluku. Anadzipopera perefyumu yense wotsala. Kamphuno anavalanso diresi la maluwa. Anakwera. Anamanga lamba. Inenso ndinakwera. Ulendo!

Kuchipatala, amayi anatuluka atafungatira khanda. Bambo ananyamula chikwama. Kamphuno anagwira kaphazi ka khandalo. Kanali kofewa. Mkwiyo wonse unatha.

Amayi anakhala m'galimoto. Anapuma mpweya.

"Ii, koma muno ndi moyera!" anatero amayi. "Watsuka ndani?"

Amalume anatukula chifuwa. "Mukudziwa kale, achemwali. Galimoto yanga ine..."

Anawerama kuti aone khanda. Khanda linakwinya kamphuno kake. Linayetsemula. Tsye!

Amayi ananunkhiza. "Galimoto ndi yoyera ndithu, achimwene. Koma dalaivala wake wagona m'chisa cha nkhuku?"

Bambo anaseka. Ine ndinaseka mpaka duku linagwa. Kamphuno anaseka mpaka misozi.

"Amalume," anatero Kamphuno, "panja pali ntchentche. Ikuti kodi igogode, kapena ingolowa?"