Mtengo wa Pichesi pa Msewu wa Larkin

Mtembo unagona chafufumimba kuseri kwa nyumba nambala 14 pa msewu wa Larkin, mutu utaphwanyika kunkhongo. Linali Lachitatu m'mawa, koma dzuwa la Julaye ku Georgia linali litayamba kale kuwamba anthu. Odessa Whitlow, wapolisi amene anamerera imvi pa ntchito yofufuza milandu, atangoona nambala ya nyumbayo mtima wake unangoti myuu!

Nyumbayi ankaidziwa bwino. Inali ya Mayi Corliss Tate, mnzake wa mukwaya, amene banki inawatulutsa nyengo yozizira yapitayo. Ambuye, asakhale iwo ayi, anapemphera chamumtima.

"Ndani ameneyu?" Odessa anafunsa Purvis, mkulu wosintha maloko amene anapeza mtembowo.

"Ndi bwana Dwight Kessler, mayi. Anagula nyumbayi dzulo pa okushoni, pamasitepe a khoti paja. Anati ndibwere ndidzasinthe maloko, ndiye ndawapeza chonchi. Ine sindinakhudze kanthu, Mulungu ndi mboni."

Pambali pa mtembo panali macheka a injini ndi chitini cha penti yofiira. Chida chimene anamumenyera panalibe.

"Anali ndi adani?"

Purvis anaseka chowawa. "Mayi, tayang'anani msewuwu. Nyumba zokhomedwa matabwa m'mawindozi, theka ndi zake. Funsani kuti mnzake anali ndani. Koma dzulo anatukwanana ndi Harlan Boggs, wogula nyumba mnzake, anthu onse akumva. Boggs anati amupha."

Odessa anaigwira nkhani imeneyo ndi manja awiri. Nthawi ya 11 koloko Boggs anali atakhala kale m'chipinda chofunsira mafunso, chimimba chitatsamira tebulo, thukuta lili kamukamu.

"Munalonjeza kuti mumupha, bambo Boggs."

"Aa, mayi! Pamasitepe paja timaphana Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse, koma ndi pakamwa. Tinapangana kuti ya pa Larkin ndi yanga, iye asakweze dzanja. Galu uja anakweza."

"Ndiye munamutsatira."

"Ndi mwendo uti? Nditangochoka pamenepo shuga anandigwetsa. Ndatuluka m'chipatala m'mawa uno." Anakweza mkono, kalamba ka pamkono kamene amaveka odwala kuchipatala kakadali pomwepo.

Odessa anaimba foni kuchipatalako kawiri konse, akuyembekeza kuti mwina wina anena zosiyana. Ayi ndithu, Boggs anagona komweko. Zinamupweteka kwambiri, chifukwa munthu ameneyu akanamumanga akuimba nyimbo.

"Kessler ankafuna kuichita chiyani nyumbayo?"

"Zimene amachita ndi zonse. Kudula chilichonse kuseri, kuthira konkire poimika magalimoto, n'kulowetsa mabanja awiri a lendi. Ife timagula poonera pawindo la galimoto, mayi. Za amene ankakhalamo sitifunsa."

Masana Odessa anabwerera pa Larkin yekha. Anazungulira bwalo mwakachetechete. Udzu unali utauma gwa, maluwa a m'mbali mwa mpanda atasanduka nkhuni, monga zinalili msewu wonsewo, pakuti mvula inali italeka kalekale. Koma pakona panaima mtengo wa pichesi wobiriwira bwino, zipatso zili lendelende, pathunthu pake atalembapo mtanda ndi penti yofiira.

Anagwada n'kupisa chala m'dothi. Linali lonyowa. Anapita pampopi wa pakhoma n'kutsegula, koma unangotulutsa mpweya. A zamadzi anadula madzi tsiku lomwe banki inatseka nyumba. Ndiye kuti wina ankabwera ndi madzi ake kuchokera kwina, ndipo pansi pa mtengowo panali zizindikiro zozungulira pamene ankatula zigubu.

Odessa anakhala pansi pafumbi pomwepo. Kangati anaona Mayi Tate akudzaza zigubu za mkaka pampopi wa kutchalitchi, kwaya ikaweruka? "Ndi akumwa, achemwali," ankatero. Munthu mmodzi kumwa zigubu zisanu ndi chimodzi!

Anawapeza kuseri kwa tchalitchi, m'galimoto yakutha imene inali nyumba yawo tsopano. Zovala zinali kumpando wakumbuyo, zigubu pansi. M'buti munali fosholo yotsukidwa mbee.

M'chipinda chofunsira mafunso Odessa anayatsa chojambulira mawu.

"Mayi Tate, muli ndi ufulu wokhala chete. Muli ndi ufulu woitana loya." Kenako anatsitsa mawu. "Achemwali, chonde, itanani loya."

"Loya adzanena chiyani chimene ine sindikudziwa? Mwauona mtengo?"

"Ndauona."

"Wabereka bwino chaka chino, eti?" Mayi Tate anamwetulira pang'ono. "Wendell ali pamenepo."

Wendell anali mwana wawo yekhayo, amene anafa pangozi ya galimoto zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Odessa mwini anaimba pamwambo wa maliro ake.

"Ndalama ya manda ndinalibe, mukudziwa, ndiye tinamuwotcha. Phulusa ndinalithira m'dzenje n'kubzalapo kamtengo. Banki itandichotsa ndinati tengani makoma anuwo, bola ndizibwera kudzathirira. Miyezi yonseyi palibe anandiletsa."

"Nanga dzulo?"

"Ndinafika madzulo dzuwa likadalipo, ndi zigubu ndi fosholo yanga yokonzera mkombero wa madzi. Ndinapeza bambo uja akupaka penti. Ndinamugwadira, achemwali, ine ndi mawondo angawa! Ndinati bwana, mwana wanga ali pansi apa. Iye akuti, kumbani mutenge, koma fulumirani. Ndikumbe chiyani? Mizu inamumwa kalekale. Wendell ali m'masamba, ali m'mapichesi amene."

"Kenako?"

"Ndinati ndizikulipirani lendi ya pakona pokhapo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuseka. Akuti, mayi, mukanakhala wodziwa kulipira bwenzi ine ndili pano? Zonse za mkati mwa mpanda uno ndagula. Basi anawerama kuti alize macheka aja. Anakoka chingwe kamodzi, sanalire. Anakoka kachiwiri." Mayi Tate anayang'ana manja awo. "Kachitatu sindinamulole."

Odessa anafuna kulira, anafuna kutukwana banki, Kessler, ngakhale chala chake chimene chinapisa m'dothi muja. M'malo mwake ananena mawu a lamulo, kuti akuwamanga pa mlandu wopha Dwight Kessler, n'kuzimitsa chojambulira.

Mayi Tate anatambasula manja okha kuti alandire unyolo.

"Nyumba ija ibwereranso pamasitepe, si choncho? Adzagula wina wa macheka ake."

Odessa sanathe kunama. "Ibwerera."

"Basi. Koma lero sindinathirire, achemwali, ndipo dzuwali mwaliona. Amamwa zigubu zisanu ndi chimodzi. Muzithira pang'onopang'ono, m'mbali, osati pathunthu."

Zigubu zawo zinali kale m'chipinda cha umboni, zitamatidwa manambala. Odessa anapereka mnzakeyo kwa woyang'anira chitokosi, anatuluka, n'kukaima pasitolo ya pakona kugula zigubu zina za madzi zisanu ndi chimodzi.