Manja Awiri, Bambo

Jivi ankafuna kudya ndi mnzake Tulsan. Koma bambo a Jivi ankakana. Bambo a Tulsan anali ofufuta zikopa. Bambo a Jivi sankadya ndi ofufuta zikopa. Ankati ndi anthu odetsedwa. Ngakhale madzi awo sankamwa.

Bambo a Jivi ankasamba m'mitsinje yopatulika. Ankasamba uku, ankasamba uko. Thupi linkayera. Koma mtima sunkapepuka.

Tsiku lina Jivi ankaimba akusesa. Nyimboyo inkati Mulungu ndi mmodzi. Inkati anthu onse ndi ake. Bambo anaima pakhomo. Anamuuza kuti aimbenso. Jivi anaimbanso.

Bambo anafunsa kuti nyimboyo ndi ya ndani. Jivi anati ndi ya a Guru, aphunzitsi aakulu. Anati anaiphunzira kwa Tulsan. Bambo anatsokomola.

M'mawa anati, "Tiye, mwanangu. Tikawaone a Guruwo."

Anayenda, anayenda, anafika. Pachipata mayi wina anawaimitsa. Anati aliyense amayamba wadya. Onse amadyera pansi, pamzere umodzi. Akatero m'pamene amakaona a Guru.

Pamzerepo panali Tulsan ndi bambo ake. Jivi anathamanga n'kukhala pafupi ndi Tulsan. Malo anatsala amodzi. Anali pafupi ndi bambo a Tulsan.

Bambo a Jivi anangoima. Jivi anaopa. Anaopa kuti amudzutsa, abwerere kwawo.

"Khalani, achimwene," anatero bambo a Tulsan. "Pansipa sipaluma."

Bambo a Jivi anakhala. Anakhala ngati pali minga.

Wogawa chakudya anafika ndi chapati. Bambo anatambasula dzanja limodzi. Wogawayo anadikira. Bambo nawonso anadikira.

"Manja awiri, Bambo," Jivi ananong'ona. "Chonchi. Kuno aliyense ndi wopempha."

Bambo anayang'ana mzere wonse. Olemera, manja awiri. Osauka, manja awiri. Nawonso anatambasula manja awiri.

Anadya chapati. Anadya mphodza. Mphodzayo inali yokoma. Anafunsa amene waphika.

"Amayi anga," anatero Tulsan.

Bambo anasiya kutafuna. Jivi anagwira dzanja la Tulsan. Bambo anayang'ana mphodza. Anayang'ana Jivi. Kenako anameza.

"Ukawauze amayi ako kuti ndathokoza," Bambo anauza Tulsan. "Iwenso zikomo chifukwa cha nyimbo ija."

Jivi ananyema chapati. Theka anapatsa Tulsan. Bambo anaona. Anangofunsa ngati mphodza yatsalako.