Nsalu Yomwe Lenifa Anasankha

Basi yopita ku Germantown inachedwa madzulo amenewo, ndipo Lenifa anaima pa siteji ya ku Bethesda akulimbana ndi foni yake yatsopano. Anaidina, anaigwedeza, koma foniyo inangoti zii.

"Kachinthu iwe, ukundiyesa dala eti?" anaikalipira, poganiza kuti pamalopo panalibe womva chinenero chake.

"Musaikalipire, mayi. Imeneyo siimva Chichewa."

Lenifa anatembenuka msangamsanga. Kumbuyo kwake kunali bambo wamtali, wa imvi zowerengeka, akumwetulira ngati anadziwana kalekale.

"Ndine Goodwell, kwathu ndi ku Zomba. Tabweretsani kuno ndiione."

Posakhalitsa foni ija inayaka. "Koma titsimikize kaye kuti yachiradi," anatero Goodwell. "Taimbani nambala iyi."

Lenifa anaimba, ndipo m'thumba la jekete la Goodwell munalira foni. Onse awiri anaphulika kuseka. Mayi wamkulu ngati iye kukoledwa ngati mtsikana wa fomu thuu! Komatu kuseka kotere anali atakusowa zaka zambiri.

Mwamuna wa Lenifa anamwalira kale. Mwana wake mmodzi yekhayo, Daisy, anakwatiwa ku Texas ndipo ankaimba foni mwa apo ndi apo, mayi akulankhula Chichewa, mwana akuyankha Chingerezi. Chomwe chinkamudzutsa Lenifa m'mawa inali ntchito yake ku ofesi ya kafukufuku wa zaumoyo. Kumeneko n'komwe kunali anthu omupatsa moni, omufunsa akajomba. Kunyumba kunkangolira firiji.

Tsopano foni inayamba kulira kuposa firiji.

"Leni wanga, shuga wa mu tiyi wanga, wadzuka bwanji?"

"Usadye wekha lero, mtima wanga. Ndili m'njira."

Goodwell ankagwira ntchito ku bungwe lina mu Washington, ndipo anamuuza kuti banja lake linatha kale. Pakamwa pake panali uchi weniweni. Chilema chake chinali chimodzi: bambo ameneyu sankatha kusankha kanthu, ngakhale tayi! M'mawa uliwonse ankatumiza chithunzi cha malaya awiri. "Ndivale ati, Leni? Maso ako ndiwo maso anga." Lenifa ankasankha uku akumwetulira yekha, pomva kuti padziko pano pali munthu womufuna.

Chaka chotsatira, ku ofesi kwa Lenifa analengeza kuti ofuna kupuma pantchito nthawi isanakwane akhoza kutero. Iye sanaziikeko mtima n'komwe, koma Goodwell anamugwira manja onse awiri.

"Wagwirira anthu ntchito moyo wako wonse. Tsopano pumula, ukhale ndi ine. Nanenso ndipuma chaka chamawa. Kuno kukazizira tizithawira ku Zomba, kukafunda tizibwerera. Sudzadyanso Khirisimasi wekha, Leni, ndikulumbira!"

"Mukunena zoona, a Goodwell? Ntchito imeneyi ndikaisiya sindidzaipezanso pa msinkhu wangawu."

"Kodi ntchito inayamba yakufunsapo ngati wadya? Ine ndizikufunsa mpaka imfa."

Mnzake wa Lenifa, Mulenga, nesi wochokera ku Lusaka yemwe ankapemphera naye tchalitchi chimodzi, anagwira pakamwa atamva.

"Manje iwe, usiya nchito chifukwa cha mwamuna? Ba Goodwell baja bakamba maningi. Wabaonapo babale babo?"

"Akupita kumudzi mu Disembala kukakonza za chinkhoswe chathu. Ine ndiwatsatira mu Febuluwale."

"Oo, chabwino," anatero Mulenga, nkhope ikukana.

Mtima ukafuna, khutu limagontha. Lenifa anasaina kalata yopumira pantchito. Anzake anamudulira keke, n'kumupatsa maluwa, iye n'kubweza khadi yake yolowera pachitseko. Atakwera basi anayamba kulira, koma anadziuza kuti inali misozi ya chimwemwe.

Asananyamuke ulendo wa kumudzi, Goodwell anabwera ndi mphatso. Kanali kafelemu kamagetsi, kosintha zithunzi kokha ngati kawailesi yakanema. Anakaika patebulo la pabalaza n'kukalumikiza ku foni yake.

"Ndakatchera bwinobwino. Chithunzi chilichonse chojambulidwa ndi foni yangayi chizifika pano chokha, ikangogwira Wi-Fi. Chomwe ine ndaona, nawe uzichiona. Usungulumwa bwanji?"

Chithunzi choyamba kulowamo chinali cha awiriwo, atagundanitsa mitu pa siteji ya basi ija.

Atafika ku Malawi, Goodwell anaimba foni ya vidiyo ali m'shopu ya nsalu ku Limbe.

"Sankha nsalu ya chinkhoswe, Leni. Ukudziwa ine sinditha."

Lenifa anasankha yobiriwira, ya timbalame tachikasu. Anafotokozanso kasokedwe ka diresi: manja otukumuka, khosi lozungulira, lamba wachikasu m'chiuno.

"Telala ayambiretu kusoka," anatero Goodwell. "Ukadzabwera udzangovala, mfumukazi yanga."

Kuchokera apo mauthenga anayamba kusowa. "Netiweki ikuvuta kumudzi kuno, wokondedwa. Pirira." Kumudziko kunalibe Wi-Fi, choncho kafelemu kaja kankangobwereza zithunzi zakale zomwezo.

Disembala wa ku Germantown sachitira munthu chisoni. Kumacha mochedwa, kumada msanga, mitengo ili mbuu yopanda tsamba. Lenifa ankadzukabe nthawi yake ya kuntchito. Ankaima pawindo ndi kapu ya tiyi, n'kumaonerera anthu oyandikana nawo akupala madzi oundana pa magalasi a galimoto, mmodzimmodzi n'kumanyamuka. Msewu ukati zii, iye n'kukhala pansi.

Nanga tsiku lonseli alithe bwanji? Anachapa makatani osada. Anasanja mbale zosanjidwa kale. Ankafunsa foni za nyengo ya ku Zomba, osati chifukwa chofuna kudziwa, koma kuti amveko mawu a munthu m'nyumbamo. Wotchi yomwe Daisy anamutumizira inkanjenjemera padzanja kumuuza kuti wakhalitsa pansi, aimirire ayendeko. Ayende kupita kuti?

Tsiku la Khirisimasi anapita kutchalitchi, n'kubwerera yekha. Mulenga anali pantchito kuchipatala. Daisy anali kwa apongozi ake, ndipo anangotumiza timitima tofiira pafoni. Lenifa anaphika mpunga ndi nkhuku ya anthu awiri, n'kukhala moyang'anizana ndi kafelemu.

"Khirisimasi yabwino, a Goodwell," anauza chithunzi. "Paja munati sindidzadyanso ndekha."

Chithunzicho chinangomwetulira, kenaka n'kusintha. Lenifa anasungulumwa mpaka anakankhira mbale pambali.

M'mawa mwake akutsuka kapu, anamva kafelemu kakulira kuti ting'! ting'! ting'! Zithunzi zatsopano! Anathamanga manja ali chinyowere, n'kukokera mpando pafupi.

Zinayambira pa bwalo la ndege. Kenaka shopu ya ku Limbe ija, nsalu ya timbalame ili patebulo la telala. Lenifa anaomba m'manja yekha. Kunabwera mbuzi ziwiri, matumba a mpunga, kenaka tenti yaikulu pa kapinga wa loji ina m'tsinde mwa phiri la Zomba. Tentiyo inali yokongoletsedwa mobiriwira ndi mwachikasu, anthu ali thithithi m'mipando.

Lenifa anasiya kumwetulira. Chinkhoswe cha ndani chimenechi? Mwina cha m'bale wawo wina. Inde, mu Disembala zinkhoswe zimachuluka.

Chithunzi chotsatira chinaonetsa amalume awiri akusinthana tambala ndi thadzi. Pambali pawo panaima Goodwell, atavala malaya obiriwira a timbalame tachikasu. Foni yake ayenera kuti anapatsa m'bale wina kuti azijambula, ndipo m'baleyo sanachite ulesi. Foniyo itangogwira Wi-Fi ya palojipo, inachita ndendende zomwe mwini wake anaitchera yekha koma n'kuziiwala.

Kenaka kunabwera mzere wa akazi ofunditsidwa zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga amachitira pachinkhoswe kuti mwamuna aloze yekha mkazi wake. Goodwell anaoneka akuwazungulira, akukanda kumutu, anthu akuseka.

"Simutha kusankha inu," ananong'ona Lenifa. "Simutha, a Goodwell. Chonde, musathe."

Koma tsiku limenelo bambo wosatha kusankha tayi anasankha yekha. Anavundukula chitenje cha wachitatu. M'katimo munatuluka mkazi wamng'ono kwa Lenifa, wa msinkhu wa Daisy, akuseka mano onse pamtunda. Diresi lake linali lobiriwira, la timbalame tachikasu. Manja otukumuka. Khosi lozungulira. Lamba wachikasu m'chiuno.

Chithunzi chomaliza chinali cha mphete ikulowa pachala.

Ntchito yake! Anzake aja a kuofesi! Zonse anazisiya kuti adzavale diresi limeneli, ndipo taonani lili pathupi la wina. Analira ngati mwana, analira kuposa momwe analirira tsiku lobweza khadi lija.

Foni inalira pampando. Unali uthenga.

"Leni wanga, ndagwirako netiweki pang'ono. Ndili kumunda ndi amalume, mvula yatitsekereza. Ndakusowa koopsa, shuga wa mu tiyi wanga."

Lenifa anawerenga kawiri. Anapukuta misozi ndi kumbuyo kwa dzanja, n'kudikira kuti chithunzi cha mkazi uja chibwerenso pakafelemu. Anachijambula ndi foni yake, yomwe Goodwell yemweyo anamuphunzitsa kugwiritsa ntchito, n'kuchitumiza ndi mawu ochepa.

"Nsalu ndinakusankhirani ine, a Goodwell. Nanga mkaziyo anakusankhirani ndani?"

Timizere tiwiri ta pa uthengawo tinasanduka tabuluu, kusonyeza kuti Goodwell wawerenga. Foni inaonetsa kuti akulemba. Anasiya. Anayambanso. Anasiyanso.

Yankho silinabwere. M'malo mwake zithunzi za pakafelemu zinayamba kuzimirira. Mphete inapita, mkazi uja anapita, tenti, amalume ndi nkhuku zawo, shopu ya ku Limbe. Goodwell ankafufuta ali kutsidya kwa nyanja, mwaphuma ngati munthu wozima moto padenga. Sanasiye ndi chimodzi chomwe. Chomalizira kuchoka chinali cha pa siteji ya basi, mitu iwiri itagundana. Kafelemu kanatsala kakuda bii.

Panja, mayi woyandikana naye anali akuliza galimoto kuti azipita kuntchito. Wotchi ija inanjenjemera padzanja, kumuuza kuti aimirire.

Lenifa anaimirira. Anavala chijasi chake cha kuntchito, anatenga chikwama, anafika mpaka pachitseko n'kugwira chotsegulira. Apo m'pamene anakumbukira kuti kulibenso komwe akumudikira.