Girayinda Yotsokomola Kawiri

Lolemba, 7 koloko m'mawa, aphunzitsi a Sitandade 5 anapeza loko wa pachitseko cha kalasi yawo ali pansi, wodulidwa pakati. Analowa mothamanga. Kabati yachitsulo inali yasa! Matabuleti onse asanu ndi limodzi munalibe.

"Mayo ine!" anatero, koma mawu sanatuluke bwino. Anali atasasa kalekale chifukwa chokuwa.

Kukuwako kunali ndi chifukwa. Kuseri kwa mpanda, pafupi penipeni ndi windo la kalasi, kunali shedi ya wowotcherera wina amene ana ankamutcha Mazitsulo. Girayinda yake, makina odulira zitsulo aja, inkalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, Loweruka lomwe. Ana okhala kumbuyo ankangoona pakamwa pa aphunzitsi pakugwedera. Ahedi anakadandaula kukhonsolo kawiri, ndipo kawiri konse anauzidwa kuti abweretse umboni. Umboni wa phokoso! Munthu angaunyamule m'thumba?

Aphunzitsi aja anaganiza zounyamuladi. Anagawa ana m'magulu, gulu lililonse tabuleti yake. Kwa miyezi itatu ana anajambula phokosolo, kuyeza kukula kwake kutsogolo, pakati ndi kumbuyo kwa kalasi, n'kumalemba nthawi imene layamba ndi imene lasiya. Masamu anaphunzirira pomwepo, sayansi pomwepo. Lachisanu la sabata imeneyi ankayenera kukaonetsa zonse kukhonsolo. Pasukulupo panalibe intaneti, choncho zojambula zonsezo zinali m'matabuleti mokhamo.

Sajeni wa polisi anafika 10 koloko, sakufulumira n'komwe. Anatola loko uja, n'kumutembenuza.

"Makiyi amasunga ndani?"

"Ndine," anayankha aphunzitsi.

"Mwati bwanji?"

Kuseri kwa mpanda girayinda inali pakalapakala.

"Ndati ndine!"

"Ndiye tiyambira pa inu, mayi."

"Bwana, munthu woti ali ndi kiyi angadulirenji loko?"

"Ena amatero kuti atipusitse. Taona zambiri ife."

Aphunzitsi anachita kuluma mlomo. Miyezi itatu yogwetsa thukuta, lero wakuba akhale iwo? Ahedi anayesa kufotokoza kuti mlonda amabwera madzulo okha, ndipo Loweruka atafika sanazungulire kumakalasi akumapeto. Sajeni ankangolemba, n'kumafunsa "mwati bwanji" pa chiganizo chilichonse.

Pabenchi yomaliza kamtsikana kena kanali katakweza dzanja kalekale, koma panalibe wokaona. Katatopa kanadzuka n'kudzawakoka aphunzitsi malaya.

"Madamu, nanga foni ija?"

Aphunzitsi anagwira mutu. Foni ija! Sabata yathayo, chifukwa cha ulemu wawo, anapita ndi ana kukamuuza Mazitsulo kuti Lachisanu la sabata yotsatira akupita kukhonsolo. Iye anaseka. "Phokoso ndi la ana anu omwewo, musandisemere chinyau ine." Mawu amenewo anawapweteka ana a gulu la kamtsikanako. Anapempha kuti ajambule tsiku limene kalasi ilibe mwana ngakhale mmodzi. Aphunzitsi anawabwereka foni yawo yakale yong'aluka galasi, ndipo Lachisanu poweruka anaiika m'bokosi la choko pamwamba pa bolodi, atailumikiza ku batire.

Aphunzitsi anakwera pampando. Bokosi linalipo. Foni inalimo.

"Izi n'zamasewera a ana," anatero Sajeni. "Ine ndili ndi ntchito."

"Dikirani, bwana. Mphindi zisanu zokha."

Pagalasi long'alukalo panaoneka mzere wosonyeza kukula kwa phokoso. Loweruka kuyambira 7 koloko mzerewo unali m'mwamba, wokhotakhota ngati mano a sowo. Itakwana 1:10 masana, unagwa n'kugona pansi.

"Sazimitsa nthawi imeneyo!" kanatero kamtsikana kaja. "Amapuma 2 koloko. Onani m'kope mwanga."

Ana ena anatulutsanso makope awo. Tsiku ndi tsiku, 2 koloko, 2 koloko. Sajeni anayang'ana kope limodzi, n'kusiya kulemba.

Kuseri kwa mpanda girayinda inasiya kaye kulira, ndipo aphunzitsi anatsegula mawu a pa 1:10. Poyamba kunali zii. Kenako kunamveka chingwe chikukhwekhwerezeka pakhonde, ndi mapazi a munthu wovala nsapato zolemera. Kenako makina anatsokomola kawiri, khoo, khoo, n'kuyamba kulira pachitseko penipeni, mokweza kuposa tsiku lina lililonse.

Kalasi yonse inaimirira. "Ndi ya a Mazitsulo! Imayamba choncho!"

"Khalani pansi!" anakalipa Sajeni. "Magirayinda alipo ambirimbiri m'tauni muno. Munthu sindingamumange chifukwa cha chifuwa cha makina."

Asanatseke pakamwa, kuseri kwa mpanda kunamveka khoo, khoo, kenako kulira kuja.

Sajeni anayang'ana foni. Anayang'ana windo. Anavala chipewa chake.

Anamupeza Mazitsulo atawerama pa chitseko chachitsulo, moto ukuthetheka. Pakhoma panali chingwe chamagetsi chachitali chokulungidwa, chokwanira kudumpha mpanda mpaka pakhonde la sukulu.

"Loweruka masana munali kuti, bambo?"

"Pompano. Tsiku lonse. Funsani aliyense, anandimva."

"Anakumvanidi. Nanga 1:10 munazimitsiranji?"

"Magetsi anathima."

"Magetsi anathima kuno, girayinda yanu n'kukalira pachitseko cha kalasi?"

Maso a Mazitsulo anathawira pakona, pamene panali mgolo wa madzi oziziritsira zitsulo. Sajeni anapinda malaya n'kupisamo dzanja. Anavuula tabuleti yoyamba, madzi akuda akuchucha. Yachiwiri. Mpaka yachisanu ndi chimodzi.

Aphunzitsi, amene anatsatira pambuyo, anaima pakhomo la shedi. Mazitsulo akanagulitsa matabuletiwo bwenzi zili bwino, mwina akanapezeka amoyo. Koma kuviika m'madzi! Mawu a ana, mizere yawo, masamu awo, zonse zinali zitamira mumgolomo kuyambira Loweruka.

"Simunafune n'komwe kugulitsa?" anafunsa ndi mawu awo osasawo.

"Sindine wakuba ine, mayi," anatero Mazitsulo, unyolo ukulowa m'manja. "A khonsolo akanandichotsa pano. Ana anga akanadya chiyani?"

"Nanga ana a anzanu amva chiyani? Tinabwera kudzakuuzani mwaulemu. Tinkafuna mungosunthira girayindayo kuseri kwa shedi, basi!"

Sajeni anatsekera shedi, n'kunyamula girayinda, chingwe ndi matabuleti onyowawo. Kenako anatambasula dzanja.

"Foniyonso, mayi. Ndi umboni."

"Bwana, yatsala yokhayi! Lachisanu tikaonetsa chiyani kukhonsolo?"

"Mudzaitenga mlandu ukatha."

"Liti?"

"Zimenezo n'za akhoti."

Aphunzitsi anapereka foniyo mokwiya. Umboni umene anauvutikira miyezi itatu unapezekadi, koma unakwera galimoto ya polisi iwo akuonerera.

Lachiwiri m'mawa analowa m'kalasi mutu ukuwawa. Kabati inali chiyasamire. Sanadziwe kuti awauza chiyani ana za Lachisanu. Anatenga choko, anakoka mpweya monga mwa masiku onse, n'kukuwa ndi mphamvu zonse zimene zinatsala pakhosi pawo.

"Tulutsani makope a masamu!"

Ana akutsogolo anadzidzimuka. Pabenchi yomaliza dzanja lija linakweranso.

"Chiyaninso iwe?"

"Madamu, musakuwe," kanatero kamtsikanako. "Kuno tikumva."