Pampu Yopanda Bowo

Lachiwiri m'mawa, 9 koloko isanakwane, Craig Pettifer anakhoma chitseko cha kuseri kwa shopu yake ya zipangizo za magalimoto m'tauni ya Kurrawin. Anakhuthulira pansi mapampu a mafuta makumi asanu ndi limodzi.

Mapampu amenewo anali oti awonongedwe. Kampani ya Torvane, imene inkawapanga, inali italengeza kuti kachivindikiro kake kamang'aluka kakakumana ndi mafuta aukali a magalimoto a mpikisano, opangidwa kuchokera ku nzimbe. Aliyense anauzidwa kuti abweze pampu yake kwa wogulitsa, alandire yatsopano. Ntchito ya wogulitsa inali yochepa: kuboola yakaleyo pamimba, kuijambula, kutumiza chithunzi kukampani, n'kuitaya.

Craig anaboola imodzi yokha. Anaijambula mobwerezabwereza, akungosintha kapepala ka nambala. Enawo anawatsuka, kuwapukuta mpaka mbee, kumata timapepala tatsopano, n'kuwaika m'mabokosi ofiira olembedwa kuti ndi pampu yamakono, yamphamvu kuposa kale. Lamba wakuda wa labala amene amazinga pampu iliyonse kuti isamagwedere sanamuvule. Ulesi basi.

Amene ndikusimba izi ndine Des Mulvaney. Ndinayamba ndi lole imodzi yokokera magalimoto owonongeka, matayala ake osafanana. Lero ndili ndi malole khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo dzina langa lili pa chitseko cha lole iliyonse. Ndakoka magalimoto ku Darwin, ndaonera mipikisano ku Texas ndi ku Dubai, ndadya ndi mabwana ovala mataye ku Tokyo. Mbava ndaziona zamitundumitundu. Koma galu ngati Craig, ayi ndithu.

Loweruka lina pakati pa Januwale, 2 koloko masana, dzuwa likuswa mtengo, Tahlia Camilleri analowetsa pikapu yake yobiriwira m'bwalo la Dalton Flat. Unali mpikisano wopsereza matayala. Tahlia anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Injini anammangira ndi bambo ake, a Wenzu Camilleri, makaniko amene tauni yonse inkawakhulupirira.

Anaponda moto. Pikapu inazungulira ngati nguli, utsi tolo, anthu akukuwa. Pasanathe mphindi, kachivindikiro ka pampu kanang'aluka. Mafuta anatumphukira pa paipi ya utsi yotentha. Moto unangoti buu!

Lamba wa pampando anakana kumasuka. Tahlia analimbana naye malawi akumunyambita. Pamene ozimitsa moto ankamukokera kunja, manja onse awiri anali atapsa mpaka m'zigongono.

Pikapuyo ndinaikoka ndine. Apolisi analamula kuti isungidwe kumpanda kwanga, munthu asaikhudze.

Lolemba, Sajeni Noela Kirwan, mayi wamtali wosakonda zoseka, anafika kugalaja ya a Wenzu. Akatswiri a moto anali atamuuza kale kuti chinayambitsa ndi pampu ya mtundu woletsedwa uja.

"Munaitenga kuti, bambo Camilleri?"

"Kwa Craig. Yatsopano, m'bokosi lofiira."

"Lisiti?"

"Lisiti ya chiyani, mayi? Munthu tadziwana zaka makumi atatu. Ndinampatsa ndalama pamanja, tinamwa botolo limodzilimodzi, basi."

"Bokosilo?"

"Linapita ndi a zinyalala."

Sajeni analemba zonsezo. Anapita kwa Craig. Anampeza akupukuta magalasi a shopu, nkhope yachisoni.

"Ine kugulitsa pampu kwa a Wenzu? Ayi, abwana. Madala aja amakonda zotoleza. Ndinawauza kuti abweretse yakale imene inali pashelefu pawo, koma anangondiseka. Mapampu onse amene anafika pano ndinawaboola. Zithunzi zili kukampani, kafunseni. Koma zandiwawa, abwana. Mwana uja ndinkamunyamula ali khanda."

Madzulo omwewo Craig analemba zomwezo pa gulu la pafoni la eni magalimoto a mpikisano. Pofika Lachitatu, anthu anali atachotsa magalimoto awo onse kwa a Wenzu. Wina analemba ndi penti yofiira pachitseko cha galaja: WOTENTHA MWANA WAKE. Sajeni Kirwan anawaimbira foni n'kuwauza mosabisa kuti Lachisanu madzulo atumiza fayilo kwa oimira boma pa milandu. Mlandu wake: kuvulaza munthu koopsa chifukwa cha kusasamala.

Ndende a Wenzu sankaiopa kwenikweni. Chimene chinawathyola chinachitika kuchipatala.

Tahlia anali chigonere, manja ali m'mabandeji ngati mitsamiro iwiri. Nesi anali atamuwerengera zonse za pafoni zija.

"Adadi, ndinakufunsani kawiri. Ndinati pampuyi ndi yabwino? Munati chiyani?"

"Ndinati ndi yabwino, mwana wanga. Ndinaigula kwa—"

"Ankolo Craig akuti ayi! Akuti munakana kubweza yakale. Inu ndi zakale zanu! Bawuti yadzimbiri simutaya, waya wothethuka simutaya. Taonani manja angawa. Aoneni!"

"Tahlia..."

"Tulukani. Anesi, atulutseni bambowa."

Anatuluka. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi anakhala m'galimoto pamalo oimikapo magalimoto pachipatala ola lathunthu, kiyi ali m'manja, osaliza injini.

Lachisanu, 10 koloko m'mawa, Sajeni anabwera kumpanda kwanga ndi katswiri wake kudzachotsa pampu kuti ikakhale umboni kukhoti. A Wenzu anabweranso, koma anaima kunja kwa waya ngati mlendo, ndevu zosameta. Ine ndinaima pafupi. Mpanda ndi wanga, ndani akanandithamangitsa?

Katswiri uja anamasula mabawuti anayi n'kunyamula pampu. Inali yakuda bii. Kapepala ka nambala kanali katapsa. Lamba wa labala uja anali atasanduka makala, ndipo atangomukhudza anayoyoka. Pansi pake panaoneka chitsulo choyera.

Ine maso anga saphonya. Ndinawerengapo nambala ya galimoto yothawa mkati mwa fumbi la ku Kalgoorlie.

"Imani kaye, achimwene! Tembenuzani chinthucho."

"Bambo Mulvaney, bwererani m'mbuyo," anatero Sajeni.

"Ndibwerera, mayi, koma muwerenge kaye apo."

Pachitsulopo panali zilembo zing'onozing'ono, zogoba ndi manja: FOTINI.

"Fotini ndi ndani?" anafunsa Sajeni.

Kunja kwa waya a Wenzu anagwira chipata ndi manja awiri. "Mkazi wa Stavros," anatero. "Malemu."

Aliyense wa m'gulu lathu la okonda magalimoto amawadziwa a Stavros Lekkas. Kalekale anaberedwa kabuleta pachionetsero cha magalimoto. Anaipeza pa injini ya munthu wina, koma analephera kutsimikiza kuti ndi yawo. Chiyambire tsiku limenelo, chitsulo chilichonse chimene amamanga pa galimoto yawo amachigoba dzina la mkazi wawo, pamalo obisika pomwe mbava singaganize zoyang'ana. Takhala tikuwaseka zaka zonsezi. Ine ndemwe ndinawaseka.

Pofika 12 koloko tinali kwawo. Tinawapeza akuthirira matimati, atavala kabudula ndi nsapato za ntchito.

"Pampu yanga? M'galimoto ya mwana wa Wenzu? Mwapenga?" Anaponya paipi ya madzi pansi. "Imeneyo ndinabweza mwezi wa Okutobala! Ndinaipereka kwa Craig m'manja. Ndinamuuza kuti, iwe, pali dzina la mkazi wanga pamenepo, uiboole mwaulemu. Anangoseka, ankayesa nthabwala za nkhalamba."

"Muli ndi pepala lililonse?" anafunsa Sajeni.

"Mayi, ine ndili ndi lisiti ya firiji imene inafa inu musanabadwe."

Anatulutsa chitini cha mabisiketi. M'katimo munali fomu ya kampani, nambala ya pampu, tsiku, ndi siginecha ya Craig Pettifer pansi pa mawu oti yalandiridwa ndipo yawonongedwa.

Sajeni anaimbira a Torvane ali chiimire pakati pa matimati. Dzuwa lisanalowe zithunzi zonse zinali pa kompyuta yake. Manambala anali osiyanasiyana. Bowo linali lomwelo, lopendekera kumanzere, ndi kachipsera komweko pambali pake. Fayilo ya a Wenzu sinapite kulikonse.

Loweruka lililonse m'mawa eni magalimoto amasonkhana kutsogolo kwa shopu ya Craig. Amatsegula maboneti, kunyozana, kudya masoseji okazinga ndi anyezi. M'mawa mwake, Lowerukalo, panali magalimoto oposa makumi anayi. Craig anali pachiwaya, atavala epuloni, pambali pake pali chidebe chosonkhera thandizo la Tahlia. Taganizani! Chithunzi cha mwanayo chitamatidwa pachidebe.

Nthawi itangokwana 8 koloko, magalimoto awiri a polisi anatseka chipata. Ine ndinafika ndi a Wenzu ndi a Stavros pa lole yanga yatsopano.

"Abwana, mwafika bwino!" anatero Craig. "Soseji? Anyezi pansi kapena pamwamba?"

"Bambo Pettifer, pampu ya a Lekkas munailandira?"

"Eya, kalekale."

"Munaiboola?"

"Ndi manja angawa."

"Inu nomwe? Osati wantchito?"

"Ine ndemwe, abwana. Zinthu zoopsa sindisiyira munthu."

Sajeni anaika thumba la pulasitiki patebulo, pakati pa buledi ndi botolo la sosi. Analitembenuza pang'onopang'ono kuti zilembo zioneke.

"Ndionetseni bowolo."

Craig anayang'ana. Chopanira masoseji chinagwa m'manja mwake.

"Izi... mwina zinasokonekera ndi..."

"Mkazi wanga sasokonekera, mbava iwe!" anakuwa a Stavros. "Zaka khumi ali m'manda, koma wakugwira pakhosi!"

Wapolisi wina anatulukira kuseri kwa shopu atanyamula mabokosi ofiira mpaka kuchibwano. "Abwana, muli khumi ndi asanu ndi awiri. Timapepala tomata tilinso momwemo."

Apo m'pamene a Wenzu anasolola sipanala ya matayala mulole yanga. Sanakuwe. Anangoyamba kuyenda, maso ali pa Craig.

"Unanyamula mwana wanga pa ubatizo, iwe. Unadya patebulo panga. Unaima pabwalo paja akupsa, ukudziwa chimene wandigulitsa. Kenako n'kumuuza kuti ndine!"

Ndinawagwira kumbuyo. Ndinagwirapo ng'ombe yolusa ku Queensland, koma madala awa anandikoka mapazi atatu.

"Ndisiye, Des! Ndimuboole ineyo, poti iye kuboola sadziwa!"

"Mukamumenya, achimwene, mulowa naye selo imodzi. Ndiye mwana uja azimudyetsa ndani?"

Sipanala inagwa pasimenti.

Craig anafuna kuthawira m'shopu, koma anaterereka pa anyezi wake yemwe. Unyolo unamupeza ali chogwada, epuloni ili m'khosi.

"Aise, Wenzu, mvetsa, malonda anavuta... sindinkadziwa kuti zifika poyaka..."

"Usanditchule dzina."

Sajeni Kirwan anakwera pa sitepe ya shopu n'kukweza mawu. "Tamverani nonse! Mapampu makumi anayi ndi awiri anagulitsidwa. Imodzi ndi iyi. Aliyense amene anagula pampu ya m'bokosi lofiira kuno, asayerekeze kuliza galimoto yake."

Amuna akuluakulu, a ndevu ndi zolembalemba m'mikono, anatembenuka kuyang'ana magalimoto awo ngati aona njoka. Wina anathamanga kukatulutsa ana ake awiri amene ankasewera pampando wakumbuyo. Amene analemba ndi penti pagalaja paja analipo, timamudziwa. Anavula chipewa, osatha kuyang'ana a Wenzu kumaso.

Magalimoto makumi awiri ndi atatu sanachoke pamalopo ndi injini zawo. Ndinaitana malole anga onse. Tinakoka mpaka dzuwa kupendeka, mzere kuchokera pashopu mpaka pamlatho, ndipo sindinalipiritse munthu. Ku Texas komwe sindinaoneko chionetsero chotero.

Patapita miyezi isanu ndi itatu, khoti linapatsa Craig Pettifer zaka zisanu ndi ziwiri. Kwa ine n'zochepa. Ndinanena mokweza m'khoti momwemo, ndipo anandigwira mkono n'kunditulutsa.

Koma Loweruka lomwe lija limene Craig anamangidwa, 4 koloko madzulo, ndinaperekeza a Wenzu kuchipatala. Anaima pakhomo la chipinda, osalimba mtima kulowa. Sajeni anali atadutsa kale n'kumufotokozera Tahlia zonse. Tahlia ankayang'ana kudenga, misozi ikutsikira m'makutu.

Kenako anawaitana.

"Adadi."

"Ndili pano."

"Mungoima pamenepo ngati mlonda? Mphuno ikundiyabwa chiyambire m'mawa, ndipo anesi akundikanda polakwika."

A Wenzu anapukuta manja awo akuda pathalauza, kawiri. Anayandikira bedi. Anatambasula chala chimodzi.

"Apa?"

"Kumanzere pang'ono. Eya, pomwepo. Musachoke."